Kachitsulo Kachitatu

Pulofesa Nicodemus Chibuye anali munthu wa maloko, ngakhale kuti chibadwire sanagwirepo tupa. Maloko awo anali a masamu. Uthenga ukakhala pa foni kapena pa kompyuta, iwo ankadziwa kuusokoneza mwakuti wakuba akaupeza ankangoona ngati popalasa nkhuku, koma mwini kiyi akafika, uthengawo unkawongoka wonse bwinobwino. Luso limeneli analiphunzitsa pa yunivesite mu Lusaka kuyambira tsitsi lili bii mpaka dazi linafika kunkhongo. Ophunzira awo ambiri lero ndi mabwana m'mabanki a mu Cairo Road. Akawaona m'tauni amawathamangira, mimba patsogolo, n'kumati, "Ba Prof, muli shani?" Iwo amayankha mwaulemu, koma mayina sawakumbuka. Chimene amakumbuka ndi samu imene aliyense analakwitsa.

Anabadwira ku Kabwata, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, koma dzina lawo linakafika kutsidya kwa nyanja chifukwa cha njira yogawa kiyi. Nzeru yake ndi yosavuta kumva: chinthu chamtengo wapatali usachisiye m'manja mwa munthu mmodzi. Kiyi umadula m'zigawo, uyu chake, uyu chake, ndipo loko amatseguka pokhapokha zigawo zokwanira zitakumana. Ena kunja anali atayamba kale zimenezi. Chimene a Chibuye anawonjezera n'chakuti njira yawo inkatheka ngakhale pa timafoni totchipa, ndipo anatsimikizira ndi masamu kuti chigawo chimodzi chikaperewera, amene wagwira zotsalazo sadziwa kalikonse. Ngakhale atasonkhanitsa makompyuta onse a padziko, angofanana ndi munthu amene alibe chigawo n'chimodzi chomwe. Masamba amene analembapo umboni umenewu anzawo amawatamabe mpaka lero.

Ophunzira awo ankawaphunzitsa malamulo awiri. Loyamba linali loti loko wabwino sakhala ndi khomo lakuseri. Akuluakulu ena anawanyengererapo kuti asiyeko kabowo kolowera iwo okha, a Chibuye n'kukana pamsonkhano, maso ali gwa, ati khomo lakuseri silisankha wolowa. Mpando wina wonona unawadutsa chifukwa cha pakamwa pamenepo, ndipo sanadandaule. Lamulo lachiwiri linali loti zigawo zizikhala ndi zapadera. Mukafuna kuti atsegule anthu atatu, gawirani anthu asanu. Ankati akafunsa kuti chifukwa chiyani, kalasi yonse inkayankha pamodzi ngati ana a sabata sukulu: "Munthu amafa, munthu amaiwala, munthu amaledzera!" Kenako chikhakhali.

Kunyumba kwawo ku Kabulonga kunali mkazi wawo, Emmy. Emmy anali wa Sabata weniweni, ndipo ankaimba mawu achiwiri m'kwaya ya ku Kabwata kumene anakulira. Koma kwaya inali kachigawo chabe ka kuimba kwake. Ankaimba posita, posadzula ndiwo, ngakhale pokalipira galu. A Chibuye akakhala m'chipinda chawo chowerengera ankatsegula chitseko pang'ono n'kunena kuti, "Emmy, chepesako, niganiza." Emmy ankaseka, n'kutsitsa mawu, pakapita kanthawi n'kuyambiranso. Zinali choncho mpaka ana atatu anakula: Saul woyamba, amene anasiya Sabata n'kukhala mkulu wa mpingo wa Pentekosite ku Chelstone, Rhodah, wogulitsa mankhwala ku Woodlands, amene anatengera atate ake kuuma khosi, ndi Jerry chitsiriza, mphunzitsi wa pulayimale, amene anakakhala m'kanyumba kakale ka agogo ake ku Kabwata pamodzi ndi mkazi wake Melanie.

Emmy atadwala matenda osachiritsika, Jerry anamupatsa foni namuonetsa pokanikiza kuti azijambula mawu. Mayi uja, amene moyo wake wonse ankathawa makamera, anagwira ntchito imeneyo ngati ganyu. Anaimba nyimbo zake zonse payekha, analongosola kaphikidwe ka chibwabwa chotendera, anaitana mwana aliyense ndi dzina lake la paubwana n'kumuseka zimene ankachita. Munalibe chinsinsi chilichonse mmenemo, munali Emmy basi. Atatsala pang'ono kutsirizika anapereka foniyo kwa mwamuna wake n'kunena kuti, "Mukabapase bana."

Pamaliro m'pamene zinthu zinaonongeka. Miyezi ya kumapeto Saul anali atatengera amayi ake ku mapemphero a kwawo, ndipo tsiku lina la kuchipatala linawadutsa ali konko. Rhodah anazisunga mumtima mpaka tsiku loika, ndiye anazikhuthula pamaso pa azimayi onse a Dorika, akuloza Saul ngati wakupha: "Ndiwe wapaya ba Mummy!" Saul naye sanabweze lilime. Anati mlongo wakeyo ankadziwa mitengo ya mankhwala onse koma sankadziwa kumene kumakhala beseni losambitsira amayi ake. Jerry analowa pakati, ndipo monga zimakhalira ndi wolanditsa ndewu, aliyense anati ali mbali ya mnzake. Anthu anabalalika akupukusa mitu.

Anthu atatha m'nyumba, a Chibuye anayatsa foni ija. Anamva Emmy akukonza kukhosi, kenako akuti, "Yayamba kujambula iyi?" Pomwepo anazimitsa. Mtima unakana. Anadziuza kuti adzamvetsera zonse tsiku limene ana adzakhale pamodzi, ndipo m'menemo m'mene munabadwira nzeru imene inawapweteka. Munthu wina aliyense akanatumiza mawuwo pa foni ya mwana aliyense, nkhani n'kutha. Koma pulofesa wa maloko akaona vuto amaona loko. Anaganiza kuti: ana awa sagwirizana pa chilichonse kupatula amayi awo. Ndikhoma mawu a amayi awo, kiyi ndidula patatu, ndione ngati sakhala pampando umodzi.

Ntchito yotere ili ndi mwambo wake, ndipo iwo anautsata wonse monga ankachitira akaitanidwa ku mabanki. Pamafunika mboni, choncho anaitana Dokotala Annette Kabwe, amene kale anali wophunzira wawo ndipo tsopano ndiye anali pampando wawo ku yunivesite. Annette anayang'ana pa kompyuta, n'kuvula magalasi.

"Ba Prof, batatu pa batatu? Kulibe ka spare?"

"Nikaika ka spare, babili bazasegula, umozi azasala panja. Nifuna bonse."

"Manje muntu amafa, ba Prof. Ndimwe munatipunzisa."

"Aba ni bana, Annette. Azayamba kufa ndine."

Annette anafuna kuyankha, koma munthu amene anakuphunzitsa kugwira choko sumutsutsa kawiri m'nyumba mwake. Anaonerera mawu a Emmy akukhomedwa, foni ikufufutidwa mwa njira yoti palibe katswiri angabweze kanthu, ndi pepala la kiyi wathunthu likupsa pa mbaula kuseri kwa khitchini. Akuluakulu anati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, koma tsiku limenelo a Chibuye anagona tulo tabwino koyamba chichitikireni maliro.

Zigawo zitatu zija anazidinditsa pa tizitsulo tosachita dzimbiri, kachitsulo kalikonse kwa mmisiri wake, kuti pasapezeke woona zonse. Kalikonse kanali ngati chala kutalika, kodzaza zilembo ndi manambala, kobowola kumutu. Anayenda okha kukapereka: Chelstone, Woodlands, Kabwata. Kulikonse ananena mawu amodzimodzi, kuti tsiku limene atatu nonse mudzakhale pa tebulo la ku Kabulonga, mudzamva amayi anu. Saul anati zimenezo n'zogwira anthu pakhosi. Rhodah anati iye adikira kuti wolakwa apepese. Jerry yekha ndiye anamanga kake pa chingwe n'kuvala m'khosi.

A Chibuye ankayembekezera mwezi umodzi, ikachuluka iwiri. Anagula ngakhale mabisiketi. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Saul ankabwera Loweruka podziwa kuti mlongo wake ali kutchalitchi, Rhodah ankabwera Lamlungu pa chifukwa chomwecho, ndipo onse awiri ankakamba za magetsi ndi mitengo ya mafuta ngati kuti amayi awo sanakhaleko. Amene anatha nsapato ndi Jerry. Ankakwera minibasi kuchoka ku Kabwata kukatsika m'tauni, kukwera ina ya ku Chelstone, kukamva kuti "nipempelela", mawa lake ku Woodlands kukamva kuti "abwele yeka anikambile". Atate ake ankaona zonsezi, koma kuvomera kuti samu yalakwika chinali chinthu chimene sanachizolowere. Ankati nthawi ikwana, chibale ndi fupa sichiola.

Masana ena a mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Jerry anafika ku Kabulonga ali yekha. Anakhala pakhonde nthawi yaitali asanayambe kulankhula, akupuma ngati wakwera phiri. A Chibuye, amene ankatha kuona samu yolakwika pa bolodi ali kumbuyo kwa holo, sanaone kuti lamba wa mwana wawo wabowoledwa mabowo atsopano, kapena kuti mapazi atupa mpaka nsapato wangoziponda kuchidendene. Ankadziwa kuti impso zimamuvuta, koma Jerry nthawi zonse ankati ndi zazing'ono.

Jerry anavula chingwe chija m'khosi n'kuika kachitsulo pa tebulo.

"Ba Daddy, nisungileniko aka kansimbi. Ine masiku yano nimataya vintu."

"Iyai. Wamene agaba key sasunga piece. Uziba bwino iwe."

"Ni kusunga chabe. Muike mu drawer, olo simukakayangane."

"Nikatenga kako, mailo Saul azaleta kake, Rhodah azatuma driver na kake. Ninshi nasegula neka. Nanga nizankala nachita chani?"

Jerry anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. Anayang'ana ku chitseko cha khitchini kumene amayi ake ankaimirira.

"Kulibe njila, ba Daddy? Olo kanyimbo kamozi chabe. Nayamba kuibala mwamene benze kumvekela."

Apa mtima wa a Chibuye unagwedezeka, pakuti nawonso anali atayamba kuiwala, ndipo usiku wina anayesa kukumbuka mmene Emmy ankatchulira dzina lawo osatha. Koma anthu ouma mtima amauma kwambiri pamene atsala pang'ono kusweka. Anakankha kachitsulo kaja ndi chala chimodzi mpaka kanakafika kutsogolo kwa mwana wawo.

"Leta bakulu bako. Aka kasachoke pa iwe mpaka mukankale pamozi bonse batatu. Wamvela?"

"Namvela, ba Daddy."

Anavalanso chingwe chake, anamwa madzi, n'kutsanzika. Atate ake anamuperekeza mpaka pageti, ndipo galimoto ili m'galaja sanaganize zomutengera ku Kabwata, poti anali ndi nkhani ya wophunzira wina yoti awerenge.

Jerry anamwalira mvula yoyamba itangogwa.

Maliro anachitikira ku Kabwata, m'kanyumba kaja, anthu atadzaza mpaka mumsewu. Azimayi a pamsika anabwera, makolo a ana a sukulu anabwera, ngakhale makondakitala a minibasi amene anamuzolowera. Tsiku loika, anthu akudutsa pabokosi kuona nkhope, Rhodah anadzandira. Amene anamugwira asanagwe anali Saul. Palibe anapepesa, palibe anakhululuka ndi pakamwa. Anangogwirana, akulira ngati ana otayika pamsika, ndipo kumanda anakwera galimoto imodzi. A Chibuye anaona zimenezi ali pampando wa anamfedwa. Chimene masamu awo analephera kwa zaka, mwana wawo anachichita atagona chete.

Patapita masabata angapo, Saul ndi Rhodah anafika ku Kabulonga pamodzi, atatenga Melanie. Anakhala pa tebulo lija. Saul anatulutsa kachitsulo kake m'Baibulo, Rhodah kake m'kachikwama ka ndalama, n'kutiika pakati. A Chibuye anatsegula kompyuta.

"Ba mulamu," anatero Rhodah kwa Melanie, "ka Jerry kali kuti?"

Melanie anayang'ana uku ndi uku, akudabwa kuti funso likuchokera kuti.

"Kali na beve," anatero. "Ku chipatala benze kukamba daily ati ba Daddy banakamba kasachoke pa ine mpaka tikankale pamozi. Ba nurse bakakachosa, benze kukwiya. So pamene ninapeleka suit yobavalika mu bokosi, ninakasokelela mu pocket ya mukati. Ninaona monga ndiye vamene benze kufuna." Anaona nkhope zawo. "Nalakwisa?"

Kunja galu anauwa njinga yodutsa. A Chibuye ndiwo anati, "Simunalakwise, mayo. Munachita vamene anauziwa."

Saul anaweramira kutsogolo. Anali ndi chikhulupiriro cha mwana amene anakula akumva kuti atate ake ndi munthu wanzeru kuposa onse mu Lusaka.

"Ba Daddy, tili na tubili pa tutatu. Ndimwe munapanga ichi chintu. Simungapeze ko kosalako?"

"Tubili ni chimozimozi na kulibe."

"Koma munasungako copy penangu," anatero Rhodah. "Ba Daddy, osatinamiza. Mwatipunzisa, tamvela, tabwela. Manje segulani."

Anawayang'ana ana awo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analakalaka akanakhala mmisiri wachinyengo, wosiya kabowo kuseri. Analakalaka pakanakhala cholakwika m'masamba aja amene dziko limatama. Koma ankawadziwa mzere uliwonse. Munalibe cholakwika. Loko ameneyu anali ntchito yabwino kuposa zonse zimene anagwirapo, ndipo m'kati mwake munali Emmy.

"Kulibe copy," anatero.

Rhodah anaphimba kumaso ndi chitenje. Ndipo m'mutu mwa a Chibuye munadutsa ganizo limene anachita nalo manyazi lisanathe n'komwe: kachitsulo kaja sikachita dzimbiri. Anakasankha okha kuti kakhale zaka zambirimbiri, m'madzi kapena m'dothi, zilembo zili zowerengeka. Kali pompo m'manda, m'thumba la jekete, pamtima pa mwana wawo. Saul anawaona m'maso n'kuwerenga zonse.

"Ba Daddy," anatero motsitsa, "osaganiza na kuganiza. Mulekeni agone."

Anthu anayesa kuwatonthoza monga amachitira anthu. Annette anabwera, anakhala nawo masana onse, ndipo anawachitira ulemu wosawakumbutsa zimene ananena tsiku lija. A kwaya ya ku Kabwata anapeza kanema wakale wa msonkhano wa misasa, Emmy akuoneka pamzere wachiwiri, pakamwa pakuyenda. A Chibuye anauonera kambirimbiri, khutu atagunditsa pa sipika, koma mawu a anthu ochuluka akasakanikirana salekanitsika, ali ngati mchere mu ndiwo. Yunivesite inawakonzera mwambo wowalemekeza, ndipo mnyamata wina wa suti yothina ananena pa maikolofoni kuti chimene Pulofesa Chibuye akhoma palibe angatsegule. Holo yonse inawomba m'manja. Iwo anangoyang'ana pansi, anthu n'kumati taonani kudzichepetsa.

Chaka chitatha, banja linapita kumanda kukavundukula mwala wa Jerry. Kunali m'mawa, kamphepo kakuulutsa fumbi lofiira ndi maluwa apulasitiki a pamanda ena. Panali abusa awiri, wa Sabata ndi wa Pentekosite, ndipo anagawana pemphero popanda kukangana. Nsalu yoyera itachotsedwa, Saul anaima mbali ino ya manda, Rhodah mbali inayo. Pamene Rhodah anawerama kuika maluwa, kanthu kanatuluka m'khosi mwa bulauzi yake n'kunyezimira padzuwa. Anali atamanga kachitsulo kake pa chingwe. A Chibuye anayang'ana kwa Saul, n'kuona chingwe chotero chikutuluka pa kolala.

Anaima chilili, atatsamira ndodo. Ana awo atatu anali malo amodzi, mwamtendere. Tizitsulo titatu tonse tinali pompo, moyandikana kuposa kutalika kwa tebulo la ku Kabulonga. Zonse zimene analamula zinali zitakwaniritsidwa, palibe chinatsala.

Rhodah anayambitsa nyimbo imene amayi ake ankakonda kuimba posita. Saul analowa ndi mawu apansi, anthu ena n'kutsatira. Koma pakati pa mawu a Rhodah ndi a Saul panali mpata, pamene pankayenda mawu achiwiri, ndipo palibe anawaimba. A Chibuye anatseka maso. Anafunafuna m'mutu mwawo, mutu umene unasunga masamu a zaka zonse zija, kuti mwina mzere umodzi wokha wa Emmy ungatulukire n'kudzaza mpatawo. Anaona khitchini, anaona simbi ndi mulu wa malaya, anaona chitseko cha chipinda chowerengera chikutseguka pang'ono. Anadikira, misozi ikutsikira m'kolala. Mawu okhawo amene anabwera, omveka bwino ngati anenedwa dzulo, anali awo omwe: "Emmy, chepesako, niganiza."